Miyezi Imene Sinaoneke pa Tchati

Amayi anzanga, ambiri mwa inu mwakhalapo pa msonkhano wa komiti ya chipatala, kapena pa msonkhano wa parishi pamene a ku ofesi ya zaumoyo abwera kudzapereka lipoti. Amatseka makatani, amayatsa kompyuta, ndipo pakhoma pamaoneka chithunzi cha timizati tamitundu, pamwamba pake pakuyenda mzere wokhotakhota. Wolankhula amaloza apa ndi apo, ife tikugwedeza mitu. Pomaliza timawomba m'manja, kupemphera, n'kubalalika. Koma wina atatifunsa panjira kuti chithunzi chija chimanena chiyani, ambirife tingangoyankha kuti, "Akuti zinthu zikuyenda bwino."

Chithunzi chotere dzina lake ndi tchati. Ndagwira ntchito ya unamwino ndi uzamba kwa zaka zoposa 30, ndipo masiku ano ndimaphunzitsa atsikana ndi anyamata amene adzakuthandizeni pochira mawa lino. Mwa zimene ndimawaphunzitsa muli kujambula matchati. Lero ndikufuna tikambirane chinthu chimodzi chokha chokhudza matchatiwa. Wojambula aliyense amasankha manambala oti aonekere ndi oti asaonekere. Kusankhako kuli ndi ubwino wake, koma kungathenso kubisa mavuto amene akupha amayi ndi ana m'midzi mwathu. Inu amene mumakhala m'makomiti mukuyenera kudziwa kusiyanitsa ziwirizi.

Matchati mumawadziwa kale

Musaganize kuti nkhaniyi ndi ya anthu opita patali ndi sukulu okha. Tsegulani kabuku ka kusikelo ka mwana kapena ka mdzukulu wanu. Mwezi uliwonse mlangizi wa zaumoyo akamuyeza mwana, amaika kadontho, ndipo amalumikiza kadonthoko ndi ka mwezi wapitawo. Mzere ukamakwera, mumadziwa kuti mwana akukula. Ukagona kapena kutsika, mtima wanu sukhala m'malo. Palibe amene anakutengerani m'kalasi kuti muphunzire zimenezi, koma mumaziwerenga bwinobwino. Mumadziwanso kuti mayi akajomba kusikelo miyezi itatu, m'kabukumo mumatsala mpata, ndipo palibe angakuuzeni zimene zinkachitika m'thupi la mwanayo pa miyezi imeneyo.

Tchati chimene mumaona pakhoma la chipatala chimasiyana ndi cha m'kabuku pa chinthu chimodzi: chimaphatikiza nkhani ziwiri pa pepala limodzi. Timizati timanena nkhani yoyamba, mwachitsanzo kuchuluka kwa amayi amene anayamba sikelo mwezi uliwonse. Kamzati kakatalika ndiye kuti amayi anali ambiri. Mzere umanena nkhani yachiwiri, mwachitsanzo kuti mwa amayi 100 alionse, ndi angati amene anayamba sikeloyo mimba isanapitirire miyezi itatu. Manambala a m'mbali ya kumanzere ndi oyezera timizati, a m'mbali ya kumanja ndi oyezera mzere. Ubwino wophatikiza nkhani ziwirizi ndi wakuti diso limaona msanga ngati zikuyendera limodzi kapena zikusemphana. Zikhoza kuchitika kuti amayi obwera kusikelo akuchuluka, koma ambiri akubwera mimba itakula kale.

Luso limeneli ndi lakale. Munthu wa ku Scotland dzina lake William Playfair ndi amene anayamba kusindikiza matchati a timizati ndi a mizere m'chaka cha 1786, ndipo mu 1821 anajambula tchati chophatikiza mtengo wa tirigu ndi malipiro a anthu antchito. Masiku ano ntchito yojambulayi imagwiridwa ndi kompyuta. Malipoti a mwezi ndi mwezi ochokera m'zipatala za boma ndi za CHAM amalowetsedwa mu pulogalamu yotchedwa DHIS2, imene inakonzedwa motsogozedwa ndi yunivesite ya Oslo ku Norway ndipo Unduna wa Zaumoyo umaigwiritsa ntchito m'dziko lonse lino. M'maofesi ambiri amagwiritsanso ntchito Excel kapena Power BI. Kompyuta imajambula mwachangu, koma zoti ijambule chiyani amaiuza ndi munthu.

Chifukwa chake sitilemba manambala onse

Tiyerekeze kuti tchati chili ndi miyezi 24. Ndiye kuti pali timizati 24 ndi timadontho 24 pa mzere. Wojambula akalemba nambala pa kamzati kalikonse ndi pa kadontho kalikonse, pepala limodzi likhala ndi manambala 48 opanikizana, ena atakwerana. Munthu wokhala kumbuyo kwa holo saona kanthu, ndipo ngakhale wakutsogolo sadziwa poyambira. Zili ngati kuyala chimanga, mtedza, nyemba ndi mpunga pa mphasa imodzi n'kuuza mlendo kuti aone mmene nyemba zacha chaka chino.

N'chifukwa chake wojambula wanzeru amasiya timizati tonse ndi mzere wonse pamalo pake, koma amalemba manambala pa timadontho towerengeka. Ine ndimauza ophunzira anga kuti alembe pa mwezi woyamba, pa mwezi womaliza, pamene mzere unakwera kwambiri, pamene unatsika kwambiri, ndi pa mwezi umene panachitika chinthu chachikulu, monga kuguluka kwa mlatho, kutha kwa mankhwala kapena kufika kwa ambulansi yatsopano. Timadontho tisanu kapena tisanu ndi kamodzi timakwanira. Miyezi inayo imaonekabe, kungoti ilibe nambala pamwamba pake, ndipo wofuna kudziwa angathe kuyerekeza poyang'ana manambala a m'mbali.

Pa kompyuta zimenezi si zovuta. Mu Excel munthu akadina mzere kamodzi, timadontho tonse timasankhika. Akadinanso kachiwiri pa kadontho kamodzi, kamasankhika kokhako, ndipo angathe kukaikira nambala kapena kukasintha mtundu kuti kaoneke kofiira. Mu Power BI ambiri amachita kupanga mndandanda wachiwiri wa manambala, wokhala ndi kanthu pa miyezi yosankhidwa yokha, pena ponse wopanda kanthu, ndipo kompyuta imalemba manambala a mndandanda wachiwiriwo. Njira zonsezi sizichotsa mwezi uliwonse. Zimangothandiza diso kudziwa poyang'ana.

Koma mapulogalamu omwewa ali ndi chida china chimene chimagwira ntchito ngati sefa. Munthu akachotsa chizindikiro pa mwezi wa Febuluwale, mweziwo umachokeratu, kamzati kake ndi kadontho kake komwe. Timizati totsala timasendererana n'kutseka mpatawo, mzere n'kulumikizana bwinobwino ngati kuti palibe chachotsedwa. Sefayi ili ndi ntchito yake yabwino, monga pamene mukufuna kuona chipatala chimodzi mwa zipatala khumi. Vuto limabwera pamene yagwiritsidwa ntchito pochotsa miyezi yochititsa manyazi.

Tsiku limene agogo anawerenga timizati

Zaka zingapo zapitazo ndinapita ndi ophunzira anga ku chipatala china chaching'ono chakumudzi kukaphunzira uzamba wa m'madera. Mudzi waukulu wa m'deralo uli kutsidya kwa mtsinje umene umadzaza mvula ikafika pakati. Tili komweko, kunabwera uthenga wakuti alendo a bungwe lina lothandiza adzakhala nawo pa msonkhano wa komiti. Wophunzira wanga wina, mtsikana wochangamuka ndi kompyuta, anapemphedwa kujambula tchati. Timizati tinkaonetsa amayi amene anachirira pachipatala, mzere unkaonetsa amayi amene anabweranso kudzayezedwa pasanathe masiku awiri atachira.

Tchati choyamba chimene anajambula chinali ndi dzenje looneka patali. Januwale, Febuluwale ndi Malichi, timizati tinali tafupitafupi. Mmodzi wa akuluakulu a pachipatalapo atachiona anati chadzaza kwambiri, ndipo miyezi ya mvula siionetsa ntchito yeniyeni imene anamwino amagwira, choncho ichotsedwe kuti alendo asasokonezeke. Mtsikanayo anachotsa. Usiku womwewo anandionetsa tchati chatsopanocho. Chinali chooneka bwino, timizati tataliatali tofanana ngati mpanda womanga mmisiri. Ndinali nditatopa. Ndinachiyang'ana, ndinaona kuti manambala ake ndi oona, ndipo ndinati chili bwino. Cholakwa chimenecho ndi changa, ndipo ndimachinena chaka chilichonse pamaso pa kalasi yatsopano.

Pa msonkhanowo panali mayi wina wachikulire, wa m'bungwe ngati lanuli, amene ankaimira amayi m'komiti. Chingerezi sankachidziwa. Wolankhula ali mkati mofotokoza, agogowo anadzuka, anapita pafupi ndi khoma, nayamba kuwerenga timizati ndi chala. Atamaliza anatembenukira kwa wophunzira uja nati, "Mwana wanga, kodi kwanuko chaka chimakhala ndi miyezi ingati? Ine pano ndapeza isanu ndi inayi."

M'chipindamo munangoti zii. Agogowo anapitiriza, mawu awo ali pansipansi. Anati m'mwezi wa Febuluwale iwo anakasambitsa maliro a mayi wina wa kutsidya amene matenda anamuyamba usiku mtsinje uli wodzaza. Anachirira kunyumba, anataya magazi ambiri, ndipo pamene abale ankapeza powolokera m'mawa anali atatisiya. Kenaka anafunsa kuti, "Nanga mwana wa eni uja ali pati pa chithunzichi?"

Wophunzira uja anabwezeretsa miyezi itatu ija anthu onse akuona, misozi ili m'maso. Dzenje lija litaonekera, nkhani ya msonkhano inasintha. Anthu anasiya kuyamikirana, nayamba kufunsa chifukwa chimene amayi a kutsidya sabwerera kuchidikiro mvula isanakule. Zinadziwika kuti denga la nyumba ya chidikiro linkadontha, ndipo Januwale ndi Febuluwale ndi miyezi ya njala, moti mayi sangachoke pakhomo ndi ufa wa masabata atatu ana akugona ndi njala. Alendo aja, amene tinkaopa kuti akhumudwa, anathandiza malata. Amayi a m'miphakati anagawana masabata otumiza ufa ndi nkhuni kuyambira Disembala mpaka Malichi. Tchati chokongola chija chikanatipatsa kuwomberedwa m'manja, denga likanapitiriza kudontha. Akuluakulu anati mbewa ya manyazi inafera kudzenje.

Manambala oona angathenso kusocheretsa

Onani kuti pa tchati cha miyezi 9 chija panalibe nambala yabodza ngakhale imodzi. Apa ndi pamene nkhaniyi imavutira, ndipo zimachitika ngakhale ndi ziwerengero za dziko lonse.

Ofesi ya boma yoona za ziwerengero ya National Statistical Office, imene likulu lake lili ku Zomba, imachita kafukufuku wamkulu wa zaumoyo pakapita zaka zingapo. Mwa zina, kafukufukuyu amayerekeza kuchuluka kwa amayi omwalira pa nthawi ya uchembere pa ana 100,000 alionse obadwa amoyo. Kafukufuku wa 1992 anapeza 620. Wa 2000 anapeza 1,120. Wa 2004 anapeza 984, wa 2010 anapeza 675, ndipo wa 2015 mpaka 2016 anapeza 439.

Tsopano taganizani munthu amene akufuna kutsimikizira anthu kuti ntchito ya uchembere wabwino ndi kutaya ndalama chabe. Angathe kujambula timadontho tiwiri tokha, 620 wa 1992 ndi 675 wa 2010, n'kunena kuti zaka 18 zapita popanda chosintha. Wina wofuna kudzitama angajambule 1,120 ndi 439 basi, osanena kuti chiwerengerocho chinayamba chakwera kwambiri chisanatsike. Onse awiri atenga manambala oona, koma palibe amene wakuuzani zimene zinachitikadi. Mukaona timadontho tonse tisanu, mumaona kuti imfa zinakwera m'zaka zimene Edzi inali itafika povuta ndipo ma ARV anali asanayambe kuperekedwa ulere m'zipatala, kenaka zinayamba kutsika pang'onopang'ono.

Palinso china chimene anthu ambiri sachitchula. Nambala ya 439 inawerengedwa m'njira yosiyana pang'ono ndi ya zaka zam'mbuyo, chifukwa sinaphatikize amayi omwalira pa ngozi kapena chifukwa cha nkhanza. Powerenga m'njira yakale ija, kafukufuku yemweyo anapeza 497. Choncho wofuna kuyerekeza mwachilungamo ndi 675 wa 2010 ayenera kugwiritsa ntchito 497. Imfa zinatsikadi, koma osati ndi mlingo umene 439 amaonetsa.

Kafukufuku wa 2015 mpaka 2016 yemweyo anapeza kuti amayi 91 mwa 100 alionse anachirira kuchipatala. Imeneyi ndi nkhani yosangalatsa, ndipo mudzaiona pa matchati ambiri. Koma anapezanso kuti amayi 24 okha mwa 100 alionse ndi amene anayamba sikelo m'miyezi itatu yoyambirira, ndipo 51 okha ndi amene anapita kusikelo kanayi kapena kuposera apo. Kuyambira mu 2016 bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti mayi aonane ndi achipatala kasanu ndi katatu, koyamba masabata 12 asanathe. Lipoti loonetsa 91 yekha limakupangitsani kupuma. Loonetsa 91 pambali pa 24 limakuuzani ntchito imene yatsala, ndipo ntchito imeneyo, yolimbikitsa mpongozi kapena mwana wanu kuti asabise mimba mpaka ionekere, ndi imene inu mumaitha kuposa ife anamwino.

Mwezi wopanda lipoti ndi mwezi wa ziro

Nthawi zina mwezi umasowa pa tchati popanda munthu wouchotsa dala. Kalaliki wa ziwerengero anadwala, kaundula ananyowa, msewu wopita ku boma unaduka monga zinachitikira m'maboma ambiri a m'chigawo cha kummwera pa nthawi ya namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, ndiye lipoti silinafike. Kompyuta ikapeza malo opanda nambala, pali zinthu zitatu zimene ingachite malinga ndi mmene yauzidwira. Ikhoza kusiya mpata pa mzere, ikhoza kugwetsa mzerewo mpaka pa ziro, kapena ikhoza kulumikiza mwezi wam'mbuyo ndi wam'tsogolo ngati kuti pakatipo zonse zinali bwino. Mapulogalamu ena, akapanda kuuzidwa mwapadera, amangoudumpha mweziwo osaulemba n'komwe.

Mwa njira zonsezi, yachilungamo ndi yosiya mpata, chifukwa mpatawo umanena zoona zakuti lipoti silinabwere. Ziro amanena kuti tinawerenga ndipo sitinapeze aliyense. Tchati cha malungo chikaonetsa ziro mu Febuluwale, mwezi umene udzudzu umakhala ponseponse ndipo m'wodi ya ana mumasowa pogona, musasangalale msanga. Funsani ngati lipoti la mweziwo linatumizidwa, komanso ngati zida zoyezera malungo zinalipo. Chipatala chikasowa zoyezera, chiwerengero cha odwala otsimikizika chimatsika ngakhale ana akudwalabe. DHIS2 imasunga ndithu mbiri ya malipoti amene anafika ndi amene sanafike, choncho funso limeneli lili ndi yankho.

Ife azamba phunziro limeneli timaliphunzirira m'chipinda chochiriramo. Mayi matenda akamuyamba timatsegula patogirafu, pepala limene nalonso ndi tchati chophatikiza. Kugunda kwa mtima wa mwana timakulemba pa theka la ola lililonse, kutseguka kwa njira pa maola anayi alionse, ndipo mphamvu ya ululu timaionetsa ndi timabokosi tosanjikizana. Papepalapo pali mzere wochenjeza ndi mzere wachiwiri wotiuza kuti tichitepo kanthu msanga. Mzamba amene angalembe miyeso yabwino yokha, n'kudumpha ola limene mtima wa mwana unatsika, angapereke kwa mnzake wobwera usiku pepala looneka bwino, koma m'mawa mwake tingaike mwana m'manda.

Yang'ananinso manambala a m'mbali

Pa tchati chophatikiza pali malo ena amene wojambula amasankha zoonetsa, ndiwo manambala a m'mbali. Tiyerekeze kuti chaka chatha amayi 22 mwa 100 alionse anayamba sikelo msanga, ndipo chaka chino afika 26. Manambala a kumanja akayambira pa 0 n'kukathera pa 100, mzere ukwera pang'ono chabe, monga mmene zililidi. Koma akayambira pa 20 n'kukathera pa 28, mzere womwewo ukwera ngati phiri la Mulanje. Woonera akhoza kuganiza kuti vuto latha, chonsecho amayi 74 mwa 100 alionse akubwerabe mochedwa.

Pa mzere, kuyambira pakati nthawi zina kumathandiza kuti kusintha kwakung'ono kuoneke, bola wojambula anene poyera. Koma timizati tiyenera kuyambira pa ziro nthawi zonse, chifukwa diso limayerekeza kutalika kwake. Kamzati ka 60 kakaoneka kotalika kawiri kuposa ka 50, dziwani kuti pansi pake padulidwa. Musadabwenso ndi malo amene mzere wadutsana ndi timizati. Popeza chilichonse chili ndi muyeso wakewake, kudutsanako sikutanthauza kanthu, ndipo wojambula angakusunthe mmene akufunira.

Pamene kubisa kuli koyenera

Sindikunena kuti chilichonse chiyenera kupachikidwa pakhoma. Tiyerekeze kuti tchati chikuonetsa mudzi ndi mudzi, ndipo pa mudzi wina waung'ono pali kadontho kosonyeza mtsikana mmodzi wosakwana zaka 15 amene ali woyembekezera, kapena amayi awiri opezeka ndi HIV. Dzina silinalembedwe, koma aliyense m'chipindamo adziwa kuti akunena mwana wa yani. Zikatero namwino ali ndi udindo wophatikiza midzi ingapo pamodzi kapena miyezi ingapo pamodzi, kuti vutolo lioneke koma munthuyo asadziwike. Mukafunsa ndipo akuyankhani kuti aphatikiza pofuna kusunga chinsinsi cha odwala, alemekezeni. Njira yodziwira ngati chifukwa chake n'chabwino ndi yosavuta: wobisa kuti ateteze wodwala amanena poyera kuti wabisa ndiponso chifukwa chake, pamene wobisa kuti ateteze mbiri yake amakhala chete.

Manambala ang'onoang'ono amafunanso kudekha powawerenga. Pa chipatala chimene pamachira amayi 20 pamwezi, mwana mmodzi akamwalira mzere umalumpha kwambiri, ndipo mwezi wotsatira umagwa. Kuweruza anamwino potengera mwezi umodzi wotero sikungakhale chilungamo, monganso kuwayamikira potengera mwezi umodzi wabwino. Pemphani kuona chaka chathunthu, ndipo ngati n'kotheka zaka ziwiri, kuti Febuluwale wa chaka chino ayerekezedwe ndi Febuluwale wa chaka chatha. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ife anamwino timakumbukira Florence Nightingale chaka chilichonse pa 12 Meyi, tsiku lake lobadwa. Anthu amamudziwa ndi nyale imene ankayenda nayo usiku m'chipatala cha asilikali ku Scutari pa nthawi ya nkhondo ya ku Crimea. Ochepa amadziwa kuti mu 1858 anafalitsa tchati cha imfa za asilikaliwo, mwezi ndi mwezi kuyambira Epulo 1854 mpaka Malichi 1856, osadumpha mwezi ngakhale umodzi. Anagwiritsa ntchito mitundu itatu yokha, ndipo aliyense anaona kuti asilikali ambiri anafa ndi matenda opewedwa obwera ndi uve kusiyana ndi mabala a kunkhondo. Iye anasankha chimene diso liyenera kuona msanga, koma miyezi yoipitsitsa anaisiya poyera, ndipo tchaticho chinathandiza kuti boma la Britain likonze ukhondo m'zipatala za asilikali.

Mafunso oti mupite nawo ku msonkhano

Tchati chikadzaonekanso pakhoma, musachite manyazi kupempha wolankhula kuti aime kaye. Yambani ndi kuwerenga timizati. Ngati ndi lipoti la chaka, tikhale 12, ndipo mayina a miyezi atsatane popanda wodumphidwa. Funsani kuti timizati tikuimira chiyani ndipo mzere ukuimira chiyani, m'Chichewa chomveka. Yang'anani nambala ya pansi penipeni m'mbali zonse ziwiri ngati ndi ziro. Akanena kuti "peresenti", funsani kuti ndi mwa amayi angati, chifukwa theka la amayi anayi ndi theka la amayi 400 ndi nkhani zosiyana. Funsani kuti timadontho tolembedwa manambala tinasankhidwa bwanji, ndipo ngati mwezi wotsika kwambiri ulibe nambala, pemphani kuti akuuzeni. Pomaliza, yerekezani ndi zimene inu mukudziwa. Ndinu amene mumayendera odwala m'miphakati, ndinu amene mumaphika pamaliro. Tchati chikanena kuti m'mwezi wina simunafe mwana aliyense, pamene inu munaperekeza timabokosi tiwiri kumanda, nenani.

Funsani mwaulemu, chifukwa kawirikawiri wojambulayo ndi mwana wamng'ono amene wangochita zimene anauzidwa, kapena sanadziwe n'komwe kuti kompyuta yadumpha mwezi. Anamwino ambiri amagwira ntchito yolemetsa ali ochepa, ndipo amaopa kuti manambala oipa adzaikidwa pamutu pawo. Komiti imene imalandira mwezi woipa pofunsa kuti "tithandizane bwanji" imapangitsa kuti asadzaonenso chifukwa chobisira.

Zomwezi zikukhudzanso malipoti a bungwe lanu. Mlembi kapena msungichuma akamakonzekera msonkhano wa pachaka, angathe kutenga pepala lalikulu ndi rula, n'kujambula timizati ta zopereka za mwezi uliwonse ndi mzere wa chiwerengero cha odwala amene munawayendera. Ajambule miyezi yonse 12. Alembe manambala pa mwezi wokwera kwambiri, pa wotsika kwambiri ndi pa womaliza, ndipo pansi pa pepalalo alembe mawu ochepa onena zimene wasankha kulemba. Lamulo losankhiralo mugwirizane musanaone manambala, kuti lisadzasinthe chaka chimene zinthu sizinayende. Mwina mudzapeza kuti miyezi imene zopereka zimatsika ndi yomweyo imene odwala amachuluka, ndipo mudzaganiza zosungako kena kake nthawi yokolola.

Wophunzira wanga uja pano ndi mzamba wamkulu pa chipatala china, ndipo nayenso amalandira ophunzira. Nditamuyendera chaka chatha ndinapeza matchati ake atapachikidwa pakhonde pamene amayi amakhala podikira sikelo, olembedwa m'Chichewa, mwezi wotsika kwambiri utazunguliridwa ndi cholembera chofiira. Anandiuza kuti asanapachike tchati chilichonse amayamba wawerenga timizati ndi chala, monga anachitira agogo aja.